Makobidi a m'Gitala

Masana onse tinaimbira mipando yopanda anthu. Mwini holo anangotipatsa madzi akumwa n'kukadzitsekera mu ofesi.

"Alamu, ine ndasiya," anatero mlamu wanga akulongedza ng'oma zake. "Ana sadya nyimbo."

Nditanyamula gitala, m'kati munalira tizitsulo. Ndinaizondotsa n'kuigwedeza. Pabowo panagwa makobidi asanu, akale aja amene anasiya kugwira ntchito ife tisanabadwe. Ndinatola limodzi. Linali lofunda ngati langochoka m'dzanja la munthu.

"Muno simunalowe munthu," mlamu ananong'ona. "Ndipo amenewo sangagule ngakhale machesi."

Kumbuyo kwenikweni mpando umodzi unalira, ngati wina akukhazikika bwino.

Ndinakoleka lamba wa gitala paphewa.

"Tulutsani ng'omazo, alamu. Anthuwa alipira kale."