Oyera ndi Achikasu

Namwino anatembenuza kompyuta kuti ndione, ngati kuti ine ndimazitsata zimenezo.

"Bambo, makinawa akuonetsa kuti mankhwala a kuthamanga kwa magazi mumalandira kuno komanso kuchipatala china. Mukumwa onse?"

"Nanga nditaye? Ena ndi oyera, ena achikasu," ndinayankha mokalipa.

"Ndi amodzimodzi. Chizungulire chanucho chikuchokera pamenepo."

Mkazi wa mwana wanga, amene anandiperekeza, anali chiimire pakhomo. Kwa miyezi itatu ndinkauza abale onse kuti akundithirira zinthu m'chakudya. Chilichonse chimene waphika ndinkayamba ndapatsako galu, iye akuona.

Ndinangoti maso pa nsapato zanga.

"Tiyeni kunyumba, bambo," anatero mkazi wa mwana wangayo motsitsa mawu. "Simunalawe kanthu chikhalirecho."