Msuzi wa Maungu pa Mayeso a Chifalansa

"Wabisa poto wanga ndiwe, Fritznel. Usakane."

Mnzanga wa m'kalasiyo anayang'ana kudenga. Potoyo anali pansi pa tebulo, chikwama chake chili pamwamba pa potoyo.

"Achemwali, pano ndi pa yunivesite," iye anatero. "Lero ndi mayeso. Aphunzitsi anati tibweretse chakudya cha Afalansa, tichifotokoze m'Chifalansa. Anzako abwera ndi tchizi, iwe msuzi wa maungu? Ukalephera uzikagulitsa womwewo kumsika."

Ndinanyamula potoyo n'kukakhazika pamaso pa Mayi Désinor, mphunzitsi wathu. Nditavundukula, fungo la adyo linadzaza kalasi yonse.

Chifalansa changa ndinachitola ndekha pa wailesi ndisanafike kuno. Tsiku limenelo lilime silinapunthwe.

"Msuzi uwu unkamwedwa patebulo la Afalansa konkuno ku Haiti," ndinatero. "Ophika anali makolo athu, akapolo, osaloledwa ngakhale kulawa. Tsiku limene anapata ufulu, anauphika n'kumwa okha."

Fritznel anali atagwira kale supuni. Mayi Désinor anatukula cholembera, koma osalemba kanthu.

"Mayi, musanalembe malikisi anga, ndiyankheni kaye. Chikhalidwe cha Afalansa chomwe mumatiphunzitsachi chimathera patebulo, kapena chimafika kukhitchini?"