Pulogalamu Imene Lighton Sanaiyese

Lighton anadumpha m'minibasi isanaime bwino. Dzulo lake, m'kalata ya pa imelo imene ankalembera anthu, yophunzitsa kulemba mapulogalamu a pakompyuta mothandizidwa ndi AI, anatumiza pulogalamu yosanja katundu asanaiyese. M'mawa ataiyesa, inafufuta zonse za m'kompyuta yake.

Anathamangira kushopu ya zomangira ya Ba Thokozile, pafupi ndi msika. Mayiwa ndiwo ankamulipirira intaneti yotumizira kalatayo mwezi uliwonse, nawonso ankailandira, ndipo mndandanda wa katundu wawo wonse unali mu laputopu imodzi.

"Ba Thoko, osagwira laputopu! Mwaiyesa kale?"

"Kuyesa chani? Pumako, iwe. Akuthamangitsa agalu?"

"Pulogalamu ya mu kalata ya dzulo. Ifafaniza vonse!"

Mayiwo anamutembenuzira laputopuyo. Simenti, misomali, malata, zonse zinalipo. Mtima utayamba kutsika, Lighton anaona makalata ake a chaka chonse atandandalikidwa mu imelo ya mayiwo, osatsegulidwa ngakhale imodzi.

"Simuwerenga?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ine nilipira chabe. Amai ako ananipempha kuchalichi," anatero Ba Thokozile, akupatsa kasitomala chenji. "Kansi umalembamo chani?"