Chete wa Anastasia

Njovu itatulukira m'mitsanya n'kuima pakati pa msewu wa m'paki ya Liwonde, Che Usumani anazimitsa galimoto.

"Aliyense chete," ananong'ona. "Iwe Clever, mkono ulowe. Ukufuna ikupatse moni?"

Clever anabweza mkono. Ambrose, malume wake, anayang'ana Anastasia, mlongo wake wa Clever, n'kuseka chamumtima. Uyunso n'kumuuza chete? Mwanayu anali asanatulutse liwu chiikireni mayi ake m'manda ku Rivirivi. Amayi a mpingo anapemphera, azakhali anakalipa, koma ayi ndithu. Tsitsi lomwe anam'meta pamaliro linali litamera kale, mawu osamera.

Njovu zina zinatsatira, zikuthyola nthambi mosafulumira. Pambuyo panabwera kamwana, chitamba chikulendewera ngati chobwereka. Pokwera kamtunda ka msewu kanapunthwa n'kukhala pansi, fumbi koboo! Yaikulu ina inabwerera n'kukatukula.

Tizala tozizira tinagwira kolala ya Ambrose.

"Amalume." Mpweya wofunda unamulowa m'khutu. "Kagwa."

Ambrose sanacheuke. Anaopa kuti akacheuka mawuwo athawa. Anangoyang'ana kutsogolo, njovu zikusungunuka m'misozi.

"Eya, mama. Kagwa."

"Koma kadzuka."

"Kadzukadi."

Njovu yomaliza inawoloka, msewu n'kutseguka. Che Usumani anagwira kiyi kuti alize galimoto, koma Ambrose anawagwira dzanja.

"Dikirani pang'ono, bambo," anatero chapansipansi. "Mwana akuyankhula."