Msana Wotsatsira Mafuta

"Taonani mafuta awa, mwina angakuthandizeni," anatero kasitomala, akupatsira telala foni.

Telala analandira foniyo. Pa chithunzi chotsatsira mafutawo panali msana wake weniweni, mamba a nthenda yapakhungu ya soriyasisi ali mbuu. Msanawo ankauvulira munthu mmodzi yekha, mng'ono wake, amene ankamujambula Loweruka lililonse n'kuika zithunzizo mu pulogalamu ya pafoni yotumizira dokotala.

"Musadandaule asisi, ndaika pasiwedi," ankatero mng'ono wakeyo.

"Ndiye onani atadzola milungu iwiri yokha," anapitiriza kasitomala, akuonetsa chithunzi china. "Kuti see, ngati khanda!"

Telala anauyang'anitsitsa msana wosalalawo. Paphewa panali kachipsera ka nsimbi. Tsiku limene mng'ono wake anapsa pamenepo ali mwana, anamubereka ndi iyeyo mpaka kuchipatala.