Bulu ndi Galimoto ya Pachitunda

Padangokhala Nyani, kathyali uja wogulitsa magalimoto pamwamba pa chitunda. Ameneyo ndiye anapusitsa Bulu.

Bulu anali atatopa ndi kukoka ngolo ya njerwa, msana uli zilonda zokhazokha. Anagulitsa ngoloyo n'kukwera chitunda kukafuna galimoto yoti naye izimunyamulako.

"Achimwene, iyi ndiye yotchipa," anatero Nyani akusisita chiphapha chofiira.

"Koma yayenda kwambiri iyi," anatero Bulu.

"Ubwino wake ndi umenewo! Inu munaonapo bulu wokalamba atasochera? Njira zonse iyi ikuzidziwa."

Bulu anagwedeza makutu, poti kwawo zimenezo n'zoona. Anamenya matayala ndi chiboda, anamva kuti ngolimba, basi n'kulipira. Sanafunse chifukwa chake magalimoto onse a Nyani ankaima atayang'ana kumunsi.

Potsetsereka galimoto inalira bwinobwino. Itangofika pachidikha inatsokomola kawiri n'kuzima, zii!

Bulu sanakhale pansi. Anadzimanga chingwe pachifuwa n'kuikoka galimotoyo kukwera chitunda chonse, thukuta lili kamukamu.

"Bwezani ndalama zanga, a Nyani."

"Katundu akatuluka sabwerera, achimwene," anayankha Nyani ali mumtengo.

"Chabwino. Kukoka ndi ntchito yanga."

Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse Bulu amakokera chiphaphacho pachipata cha Nyani n'kuima pomwepo. Aliyense wofuna kugula akafika, Bulu amamuuza kuti, "Muwauze a Nyani galimoto mukufunayo akailizire kuchidikha, mudzionere nokha."

Yatha miyezi itatu Nyani osagulitsa ngakhale tayala. Bulu sanajombepo tsiku. Ndalama zake Nyani sanabwezebe.