Kaboni ya Pakati

A Amadeu, mphunzitsi wa Kimika wa masana, anaima pakhomo la sala yophunziriramo, jizi wolembera ali m'manja, n'kutsonya. Dzuwa la ku Tete linali litayamba kale kuwotcha malata, koma chowatenthetsa mutu chinali pa kwaduru, bolodi la m'kalasimo: ntchito ya a sukulu ya usiku, yosafufutidwa.

Sukulu ya usikuyo iwo ankaiyesa dzala. Ankati n'kumene ogulitsa pamsika ndi alonda amakawodzera akatopa, ndipo mphunzitsi wawo wa Kimika, mayi Odete, amangowasisita kuti tulo tikome. Maola amenewo anafunika munthu wophunzira, ndipo munthuyo analipo: Celso, mkamwini wa a Amadeu, amene chimalizireni yunivesite ankangodya kwa apongozi ku Chimadzi, digiri ya Kimika ili m'sutikesi. Dzulo lomweli anafika mochedwa, thalauza lili mbuu, osanena komwe anali. A Amadeu anangoti wayamba kusenza simenti, mtima n'kuwawawa poganiza za mwana wawo Beatriz.

Kangapo konse anamupemphera ntchito kwa mkulu wa sukulu, Dona Josefina. Yankho silinkasintha: "Tidzamuyesa mpata ukapezeka. Koma Odete sanalakwe kanthu."

Lero cholakwacho chinali poyera, cholembedwa ndi zilembo zikuluzikulu. A Amadeu anapita okha ku ofesi kukatenga Dona Josefina.

"Dona Josefina, inu zanu ndi za mapiri ndi mitsinje, ndiye ndifotokoza pang'onopang'ono," anatero akugogoda pa kwaduru. "Apa pali makaboni atatu, ngati nyumba zitatu pamzere. Bromo akukhala m'nyumba ya pakati. Funso likuti tipange alukolo yomwe OH wake wakhala kumapeto. Poyambira sipalakwika, ngakhale mbuzi ikanatha: wachotsa bromo, wapeza propeno. Tsono onani apa. Wathira madzi ndi asidi, n'kulemba kuti OH wapita kumapeto. Sapitako. Madzi ndi asidi zimamukhazika pa kaboni ya pakati, pomwe panachoka bromo paja. Munthu wakwera shapa, minibasi ija, wawoloka mlatho, wazungulira Matundo yense, n'kudzatsika pomwe anakwerera, akuti wafika."

"Nanga akanatani?" anafunsa Dona Josefina.

"Akanayambira kumapeto. Ulendo wotere umakonzedwa chobwerera m'mbuyo: chimene ukufunacho chimabadwa kwa chiyani, nachonso chimabadwa kwa chiyani, mpaka ufike pa chimene uli nacho m'manja."

Analemba pambali mothamanga, jizi akuthyokera pansi: pa propeno HBr ndi perokisido, kuti bromo asamukire kumapeto, kenako NaOH ya m'madzi, kuti OH alowe m'malo mwake. Atamaliza anapukutira manja pathalauza, n'kubwerera m'mbuyo kuti ntchito ziwirizo zioneke bwino, yawoyo ndi ya mphunzitsi wa usikuyo.

"Mwina dzanja linangoterereka, Profesoro. Zimachitika."

"Dzanja loterereka silidula mzere kawiri kunsi kwa yankho. Uyu amanyadira. Sanaiwale ayi, sakudziwa. Ndipo anthu osauka aja akopera zimenezi m'makope, mayeso ali pakhomo."

Dona Josefina anayang'ana kwaduru nthawi yaitali, monga munthu woyang'ana mapu a dziko lachilendo.

"Ndiye mukuti munthu wotere sangasunge kalasi?"

"Kalasi? Ngakhale chofufutira musamusungitse."

"Ngakhale titamupatsa miyezi ingapo kuti azolowere?"

"Mtengo wopindika suwongoka ndi miyezi. Wakutha ntchito alipo, mukumudziwa. Uyu apite akagulitse masawu."

"Mawu amenewa mungawabwereze pamsonkhano wa aphunzitsi?"

"Mokweza," anatero a Amadeu, chifuwa chili patsogolo. M'maganizo anali atafika kale kunyumba, akuuza Beatriz kuti asite malaya a mwamuna wake.

Dona Josefina anausa moyo.

"Mwandithandiza, Profesoro. Ine dzulo ndinakhala pa benchi ya kumbuyo iyo, ndipo m'maso mwanga phunziro linayenda bwino, moti lero ndimati ndimulembe ntchito. Odete ali ku maliro ku Angónia chiyambire Lolemba. Mpata uja unapezeka, ndiye ndinamuyesa Celso wanu. Anati ndisakuuzeni, afuna akudzidzimutseni."

A Amadeu anawerama. Thalauza lawo linali mbuu ndi jizi, ngati la Celso dzulo.